Otipatsa ndalama akuti tilembe consultant: amachita chiyani kwenikweni, nanga timugwira bwanji?

NaPhiri_Ntaja analemba:

Moni nonse. Bungwe lathu ndi laling'ono, timagwira ntchito m'madera a mafumu awiri m'boma la Machinga. Tapeza thandizo la zaka ziwiri loti tilimbane ndi vuto la atsikana osiya sukulu pakati pa Sitandade 6 ndi Fomu 2. Mu mgwirizano wathu ndi otipatsa ndalamawo muli mfundo yoti tilembe consultant wa zosintha khalidwe la anthu, atikonzere ndondomeko yonse: mauthenga, sewero la pawailesi, maphunziro a ma mother group (magulu a amayi olimbikitsa atsikana pasukulu), ndi njira yoyezera ngati ntchitoyo yaphula kanthu. Ndalama zomwe aika pa munthu ameneyu si zochepa.

Kodi iyeyu amachita chiyani chimene ifeyo sitingathe, poti derali timalidziwa ndife? Mwa anthu asanu amene atumiza makalata, atatu ayamba kale kutiuza maina a sewero ndi mitundu ya matisheti. Tisankhe bwanji? Nanga mu kontilakiti tilembemo chiyani kuti tisadzangotsala ndi lipoti la masamba 80 m'kabati?

Mkulu_wa_Kafukufuku anayankha:

Mayi Phiri, atatu amene abwera kale ndi maina a sewero aja aikeni pambali kaye. Akugula mbereko mwana asanabadwe. Munthu amene sanakhalepo pansi ndi mtsikana ngakhale mmodzi wa ku Ntaja sangadziwe ngati sewerolo likufunika n'komwe.

Derali mumalidziwa ndinu, zoona. Koma eni dera amafulumira kunena kuti "vuto ndi chikhalidwe", chifukwa ndi mawu amene aliyense amabwereza pamisonkhano. Ntchito yoyamba ya consultant wabwino ndi kuliphwanya vutolo kuti pagwirike. Mtsikana akasiya sukulu, mwina iye kapena makolo ake pali chimene sakudziwa, monga zoti mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera m'kalasi. Ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1993, koma alipo makolo ndi aphunzitsi akulu amene amachita ngati sanaimvepo. Mwina akudziwa, koma akuopa pakamwa pa anthu: amalume, anankungwi, anzake a pachitsime. Kapena akudziwa ndipo akufunitsitsa, koma palibe ya yunifolomu, sopo ndi makope, sekondale ili pa mtunda wa maola awiri, ndipo pasukulu palibe chimbudzi cha chitseko choti n'kusinthiramo akakhala kumwezi.

Wailesi ndi misonkhano zimathandiza pa vuto loyambalo, zimathandizako pa lachiwiri, koma pa lachitatu sizinunkha kanthu. Umboni uli pafupi ndi inu pomwepo. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, ofufuza Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anatsatira atsikana amene ankalandira ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi. Ena ankalandira pokhapokha ngati akupita kusukulu, ena ankangolandira popanda lamulo. A gulu loyamba ndi amene anakhalitsa m'kalasi, koma mimba ndi maukwati zinachepa kwambiri m'gulu lachiwiri, chifukwa ngakhale amene anasiya sukulu anali ndi kena kake m'manja. Ndalamazo zitaleka, patapita zaka ziwiri kusiyana pa nkhani ya maukwati kunali kutazilala. Consultant amene sakuidziwa nkhani imeneyi sanawerenge za ntchito yake.

Kafukufuku woyambirira aziyenda motere. Sabata yoyamba akhale ndi makaundula a sukulu zonse za m'dera lanu, a zaka zitatu zapitazi, awerenge atsikana amene anasowa, kalasi ndi kalasi, mwezi ndi mwezi. Ngati ambiri amasowa mu Januwale ndi Febuluwale, ndi njala ndi ganyu. Ngati sabweranso teremu yoyamba itatsegulidwa mu Seputembala, yang'anani ku zinamwali za patchuthi. Ngati amasowa zotsatira za Sitandade 8 zitatuluka, nkhani ndi malo a kusekondale, ndipo sewero silimanga kalasi. Kwanuko afunsenso za anyamata obwerera ku Joni ndi foni ndi ndalama m'thumba, chifukwa ameneyo ndi mdani amene uthenga wanu udzalimbane naye.

Kenako masabata awiri kapena atatu akhale kumudzi. Magulu okambirana akhale a anthu 8 mpaka 10, aliwonse paokha: atsikana a pasukulu, atsikana osiya, anyamata, amayi, abambo, amalume, anankungwi, mashehe ndi abusa. Amalume musawaiwale, kudera la chikamwini mawu omaliza pa ukwati wa mtsikana nthawi zambiri sakhala a bambo ake. Atsikana afunsidwe ndi mkazi, m'Chiyao, pamalo pomwe palibe mfumu, mphunzitsi kapena wogwira ntchito wa bungwe lanu. Pakakhala gulupu, mudzamva zimene gulupuyo akufuna kumva.

Chimene chimapindulitsa koposa ndi kuyerekeza mabanja osauka mofanana, a m'midzi yomweyo, ena mwana wawo akadali pasukulu, ena anasiya. Njira yodziwika bwino imati mufunse 45 mbali ino, 45 mbali inayo, mafunso omwewo. Pamene mayankho asiyana kwambiri ndi pamene pali chogwira. Ngati mbali zonse zikunena kuti sukulu ndi yabwino, ndiye kuti uthenga woti "sukulu ndi yabwino" ndi kutaya ndalama.

Popeza mukufunsa ana, pakufunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ku National Commission for Science and Technology, chilolezo cha kholo, ndi kuvomera kwa mwanayo. Zimenezi zimadya masabata, ziikeni pakalendala. Ofunsa mafunso adziwiretu chochita mtsikana akaulula kuti akugwiriridwa: nambala ya foni yothandiza ana ya 116, ofesi yosamalira anthu pa boma, ndi Victim Support Unit ya kupolisi. Ndondomekoyo ikaonekerenso ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe pa boma, musanalowe m'mudzi.

Posankha, muitane aliyense kwa ola limodzi ndipo mumufunse kuti: tiuzeni ntchito imodzi imene kafukufuku anakukakamizani kusintha zomwe munakonza poyamba. Amene alibe yankho amachita kafukufuku wongokongoletsa lipoti.

Wapa_Situdiyo anayankha:

Ndikugwirizana ndi achimwene pamwambapa. Ine ndionjezere za sewero, ngati kafukufukuyo waonetsa kuti likufunikadi.

Luso limeneli lili ndi mwini. Miguel Sabido, wa pa kanema wa Televisa ku Mexico, ndiye analikonza m'zaka za m'ma 1970, potsamira maganizo a Albert Bandura oti munthu amaphunzira poonera zimene zikuchitikira mnzake wofanana naye. M'sewero lotere mumakhala anthu a mitundu itatu. Alipo ochita zabwino, alipo ochita zoipa, ndiye pali wapakati, wokayikakayika, amene akukokedwa mbali zonse. Womvera amadziona mwa wapakatiyo. Olemba athu ambiri amalakwa pomwepa: amapanga mtsikana woyera ngati mngelo ndi bambo woipa ngati mfiti, kenako gawo lachitatu pabwera mlangizi kudzalalikira, bamboyo n'kulapa pompo. Palibe bambo womvera amene angadzione mwa mfitiyo. Wapakati wanu akhale mayi amene amamukonda mwana wake, koma nkhokwe yatha, ndipo mnyamata wa ku Joni wabweretsa thumba la ufa ndi shuga. Azengereze kwa miyezi. Alakwitse kamodzi. Akadzasankha bwino, womvera aone zimene wataya ndi zimene wapeza.

Musanalembe gawo ngakhale limodzi, consultant apereke chikalata cha masamba ochepa chonena kuti womvera wamkulu ndani, tikufuna achite chiyani chenicheni, ndipo chimamuletsa n'chiyani. "Anthu azindikire kufunika kwa maphunziro" si chochita. "Mayi apite ndi mwana wake wobereka kwa mphunzitsi wamkulu kukamulembetsanso" ndiye chochita. Zochita zotere zisapitirire zitatu. Otipatsa ndalama amakonda kulongeza zonse m'sewero limodzi, edzi, mitengo, katemera, chisankho, mpaka nkhaniyo imafa.

Magawo akhale a mphindi 15 mpaka 20, osachepera 26, chifukwa womvera amafunika nthawi kuti ayambe kuwakonda anthu a m'seweromo. Lililonse liulutsidwe kawiri pa sabata, kachiwiriko kubwereza. Jambulani awiri kapena atatu okha poyamba, mukawamvetsere anthu a kumudzi amene sanamvepo za pulojekitiyi, pa sipika yaing'ono pansi pa mtengo. Musawafunse ngati alikonda, aliyense adzati eya mwaulemu. Afunseni kuti afotokoze zomwe zachitika, ndani akumumvera chisoni, ndani akufanana ndi munthu wa m'mudzi mwawo. Si zachilendo kupeza kuti anyamata akusirira munthu amene inu munamupanga kuti akhale woipa, poti ndi amene ali ndi njinga yamoto ndi nthabwala zokoma. Zikatero mukonze musanajambule ena 23.

Chiyankhulo: ngati amayi ndi agogo a m'dera lanu amakambirana za m'nyumba m'Chiyao, sewero la Chichewa cha mu Lilongwe lidzamveka ngati nkhani ya anthu ena. Lilembedwe m'Chiyao kuchokera pachiyambi ndi olemba a komweko, osati kumasulira.

Wailesi yake musasankhe potengera dzina. Funsani m'kafukufuku muja kuti anthu amatsegula iti, nthawi yanji, ndipo wailesiyo amaigwira ndani. M'nyumba zambiri ndi ya bambo, ndipo akapita nayo kumsika kapena ku bawo, amayi ndi atsikana samva kanthu. Nthawi ya dzinja m'mawa anthu ali kumunda. MBC ndi Zodiak zimafika kutali koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo mukulipirira omvera a ku Karonga amene si anu. Wailesi za m'madera n'zotsikirapo, koma magetsi akazima pulogalamu imadumphidwa popanda wokuuzani. Ikani anthu awiri m'midzi yosiyana azilemba tsiku ndi nthawi imene gawo lililonse lamveka, ndipo muzilipira wailesiyo mwezi ukatha potengera kaundula ameneyo.

Sewero lokha silikwanira. Ku Rwanda, Elizabeth Levy Paluck anatsatira kwa chaka magulu omvera sewero la zoyanjanitsa anthu, n'kupeza kuti zikhulupiriro za mumtima mwa munthu sizinasinthe kwenikweni, koma chinasintha ndi zimene anthu ankaona kuti anzawo amavomereza, pamodzi ndi zochita zawo zina. Pa nkhani ya maukwati a ana, chimenecho ndicho mukufuna: mayi adziwe kuti akakana ufa uja, anzake samuseka. Ndiye makalabu omvera wailesi ndi ofunika, anthu 15 mpaka 20, wailesi ya sola, wotsogolera wokhala ndi mafunso atatu okha pa gawo lililonse. Wailesiyo isungidwe ndi mayi wosankhidwa ndi gulu. Ikapita kwa mfumu, mwaiwale.

Kwanuko si koyamba. Kampeni ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana, ya m'zaka za m'ma 1990, inayambira ku Machinga komweko, ophunzira a ku Chancellor College akugona m'midzi, kumvetsera, kenako n'kuchita zisudzo zochokera pa zimene amva, anthu n'kumalowererapo. Bungwe la CRECCOM la ku Zomba linaphuka pa ntchito imeneyo. Akuluakulu ena m'midzi yanu akuikumbukira, afunseni chimene chinatsala ndi chimene chinafa.

NaPhiri_Ntaja analemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndiye ngati kafukufuku waonetsa kuti vuto lalikulu ndi ndalama ndi mtunda, pomwe otipatsa ndalama analemba kale kuti akufuna sewero, titani? Komanso za kontilakiti zija sindinamve.

AChuma_Nankhoma anayankha:

Achemwali, funso lanu loyambalo ndilo chifukwa chake kontilakiti muyenera kuidula pawiri. Gawo loyamba likhale kafukufuku ndi ndondomeko basi, miyezi iwiri kapena itatu. Gawo lachiwiri, la kupanga zinthu, lisainidwe pokhapokha bodi yanu ndi otipatsa ndalama atakhala pansi n'kuvomereza zomwe zapezeka. Mukamupatsa munthu kontilakiti imodzi yomwe ndalama zambiri zili pa sewero, kafukufuku wake adzapeza kuti pakufunika sewero. Si kuti ndi wakuba, ndi mmene mimba imaganizira.

Zikapezeka kuti vuto ndi ndalama, lembani kalata yopempha kusintha bajeti, muphatikize manambala a m'makaundula aja. Mabungwe ambiri opereka thandizo ali ndi njira yosinthira mizere ya bajeti, koma amafuna pempho lolembedwa ndalamazo zisanagwiritsidwe ntchito. Mukasintha mwakachetechete, owerengera ndalama adzati mubweze. Ndipo musaope kuti akwiya. Opereka thandizo nawo amakopeka ndi zinthu zooneka bwino pachithunzi; kumbukirani mipope ija ya PlayPump yomwe madzi ankatuluka ana akamasewera pozunguza chigudumu. Inalandira ndalama zambiri cha m'ma 2006, inaikidwa kuno ndi ku Mozambique, kenako amayi ndi amene ankakankha chigudumucho ana ali m'kalasi, ndipo ikawonongeka zipangizo zake sizinkapezeka ngati za mijigo wamba ya Afridev. Wogwira ntchito wanzeru ku bungwe lopereka ndalama amayamikira womuchenjeza msanga.

Mu kontilakiti, malipiro amangiriridwe pa zinthu zoperekedwa, osati pa masiku okha. Mwachitsanzo 20 pa 100 akapereka ndondomeko ya kagwiridwe ka ntchito ndi mafunso a kafukufuku, 40 akapereka zopeza ndi kuzifotokoza pamaso pa anthu a m'midzi imene anafunsa, 40 yotsalayo mukavomereza chikalata chomaliza. Yomalizayi isachepe, chifukwa munthu akatsala ndi 10 yokha foni yake imayamba kusapezeka. Ndalama ya luso lake ilekanitsidwe ndi ya mafuta, malo ogona ndi ofunsa mafunso. Yachiwiriyi ibwezedwe poonetsa malisiti.

Lembani maina a anthu amene adzagwire ntchitoyo ndi masiku amene aliyense adzagone kumudzi. Chinyengo chofala ndi ichi: CV yomwe yapambana ndi ya dokotala wa zamaphunziro, koma kumudzi kukubwera mwana wongomaliza kumene koleji, mwini wakeyo ali pa ntchito zina zitatu mu Lilongwe. Mulembe kuti kusintha munthu kumafuna chilolezo chanu cholembedwa.

Mulembenso kuti zonse ndi za bungwe lanu: mawu ojambulidwa, mapepala a mayankho, zolemba za sewero, nyimbo yotsegulira, ndi mafayilo oti n'kusinthika, osati PDF yokha. Oimba ndi ochita sewero asaine kuti mutha kubwereza pa wailesi ina iliyonse popanda kulipiranso. Popanda zimenezi chaka chamawa mudzagula katundu wanu yemwe.

Wogwira ntchito wanu mmodzi kapena awiri aziyenda naye tsiku lililonse, ndipo kuwaphunzitsa kulembedwe ngati chimodzi mwa zoperekedwa. Apo ndi pamene bungwe limatsala ndi kanthu.

Za msonkho: akhale ndi nambala yake yolipirira msonkho, ndipo inuyo ndi amene muli ndi udindo wodula withholding tax (msonkho wochotsedwa pa malipiro ake) n'kukapereka ku MRA, pokhapokha ataonetsa satifiketi yomuchotsera. Mugwirizane poyamba ngati mtengo wake ukuphatikiza msonkhowo, mikangano yambiri imabukira pamenepa. Lipoti likakhala ndi ndime zomwe zikutchula boma lina, dziwani kuti wakopera ntchito yakale. Tengani ziganizo ziwiri zitatu muziike pa Google musanalipire.

Chomaliza, ma alawansi. Consultant akayamba kupereka ndalama ya "mpando" pa msonkhano uliwonse wa m'mudzi kuti anthu achuluke pachithunzi, iye akapita mudzatsala ndi ma mother group amene sasonkhana popanda envelopu. Mugwirizane ndalama ya thiransipoti ndi chakudya kwa oyenda mtunda okha, ndipo ikhale yomwe bungwe lanu lingakwanitse pulojekiti itatha.

Mphunzitsi_Wopuma anayankha:

Pa za kuyeza ndiye ndionjezepo, chifukwa apa ndi pamene malipoti amanama mosachita manyazi. "Tafikira anthu 200,000" kumangotanthauza kuti anthu amenewo amakhala kumene wailesiyo imamveka. Kuchuluka kwa misonkhano, matisheti ndi ophunzitsidwa ndi umboni woti ndalama yagwiritsidwa ntchito, osati woti mtsikana wakhala m'kalasi.

Muyezo wanu ukhale wa maina. Teremu yoyamba lembani mtsikana aliyense wa Sitandade 6 mpaka Fomu 2 m'sukulu zanu, ndipo teremu iliyonse muone kuti ali kuti: alipo, wabwereza, wasamuka, wakwatiwa, ali ndi pakati, wabwerera. Kaundula wa aphunzitsi yekha musamudalire, dzina limatha kukhalabe m'buku mwini wake ali pabanja. Muzipita mosadziwitsa kamodzi pa teremu kukawerenga mitu. Mndandandawo usungidwe mokhoma, ndi wa ana.

Mupezenso sukulu zingapo zofanana ndi zanu kumene simukugwirako ntchito, muzichita chimodzimodzi. Chaka cha njala atsikana amasiya paliponse, chaka cha zokolola zabwino amakhala paliponse, ndipo popanda poyerekezera mudzadzitama kapena kudziimba mlandu pa zimene yachita ndi mvula. Ku Tanzania, sewero la Twende na Wakati litayamba mu 1993, dera la Dodoma linasiyidwa dala kwa zaka ziwiri kuti likhale poyerekezera. Ku Burkina Faso, bungwe la Development Media International linasankha madera 14, n'kuulutsa mauthenga a zaumoyo wa ana m'madera 7 okha kuyambira 2012 mpaka 2015. Makolo otengera ana odwala kuchipatala anachuluka, koma kafukufukuyo sanaone kusiyana pa imfa za ana. Amenewo ankaulutsa kangapo patsiku kwa zaka zitatu. Ndiye consultant amene akukulonjezani kuti maukwati a ana atsika ndi theka m'zaka ziwiri ndi magawo 26, mufunseni kuti nambalayo waitenga kuti.

Pamenepa ndisiyane pang'ono ndi a pasitudiyo. Wailesi simaona malire, sukulu zoyerekezera zija nazo zidzamva sewerolo. Chimene mudzayeze kwenikweni ndi makalabu, ma mother group ndi thandizo la m'manja, osati sewero palokha. Zilembedwe choncho m'lipoti.

Samalani ndi mafunso a "kodi ndi bwino mtsikana kukwatiwa asanafike zaka 18?" Chichokereni lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017, aliyense amadziwa yankho lofunika, ndipo kumene mafumu amalipiritsa mbuzi anthu amangobisa ukwatiwo, mtsikana n'kutumizidwa kwa azakhali kutsidya. Funsani mozungulira: mwa atsikana asanu omaliza kutha msinkhu m'mudzi muno, ali kuti lero?

Ndipo woyeza pamapeto asakhale yemwe anakonza ndondomekoyo. Ikani padera ndalama ya munthu wina, ndipo mndandanda wa maina uja ulembedwe gawo loyamba la sewero lisanamveke pa wailesi.